Khoswe Akakhala pa Mkhate

Nkhani imene ndifuna kukamba nanu lero ndi yondicititsa manyazi, ndipo kwa nthawi yaitali sindinafune kuti ituluke kunja kwa gulu lathu. Koma ndaona kuti ndikaibisa, mawa idzagwera wina wa inu. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Tsono cherani khutu.

Gulu lathu la acinyamata liri ndi laputopu imodzi. Sitinaitole pa njira iai. Tinatsuka mamotoka pa Ciweru ciriconse kwa miyezi yambiri, alongo athu anagulitsa vitumbuwa pa cipata, kufikira ndalama zinakwana. M'menemo tisungamo maina a mamembala, nyimbo za kwaya, zithunzi za ku misasa ndi kaundula wa zopereka. Popeza ine ndinaphunzirako za makompyuta ku koleji, anzanga anati, "Inu ndinu mudziwa zinthu izi, isungeni." Ndinavomera ndi mtima wonyada.

M'caka ca 2024, cija madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, kwaya yathu inajambula vidiyo. Panafunika pulogalamu yolumikizira zithunzi ndi mau, koma eni ake afuna kuti uzilipira mwezi ndi mwezi, ndiponso m'madola. Ine ndinati bwanji kutaya ndalama? Ndinakwera minibasi kupita m'tauni, kwa mnyamata wina wogulitsa macaja ndi zikopa za mafoni. Iye anandiikira pulogalamuyo mu fulashi pa mtengo wosafika ngakhale wa nkhuku. Pondipatsa anati, "Akulu, poikamo muyambe mwazima antivirus, cifukwa imavutitsa."

Usiku womwewo ndinazima antivirus. Windows inandifunsa ngati ndilola kuti pulogalamu iyi isinthe zinthu m'kompyuta. Ndinadina kuti inde. Ndinali kudziwa bwino lomwe tanthauzo la funso limenelo, pakuti tinaliphunzira m'kalasi ndipo ndinalembapo mayeso. Koma paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Pulogalamu inagwira nchito, vidiyo inatuluka yokongola, ndipo onse anandiyamika.

Mlandu ugwera wosalakwa

Patapita masabata angapo tinayamba kukonzekera msasa wa pa cuti. Msungacuma wathu, mtsikana wofatsa wa ku Kabwata, anabwereka laputopu kuti aike cidziwitso pa Facebook. Analowa ndi dzina lake, analemba, nabweza. Masiku atatu asanathe, makolo ena analandira uthenga wocokera ku dzina lake lomwelo, wonena kuti malo a ku msasa atsala ocepa ndipo atumize ndalama msanga pa nambala yakuti. Makolo atatu anatumiza. Mmodzi wa iwo ndi mai wamasiye wogulitsa tomato ndi repu pa msika.

Tinakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chalichi. Mtsikana uja anakana kwa mtu wa galu, nalira, nati mwina laputopu ndiyo iri ndi vuto. Onse anayang'ana ine. Ndinaitsegula pamaso pao, ndinayendetsa antivirus, ndipo patapita mphindi zingapo inayankha kuti siinapeze kanthu. Ndinatsegulanso Task Manager, kamene kaonetsa mapulogalamu onse amene ali kugwira nchito, ndipo munalibe cacilendo. Pamenepo ndinalankhula mau amene ndimva nao cisoni kufikira lero. Ndinati, "Laputopu iri bwino, iribe matenda."

Sindinamuchule kuti mbala. Koma kodi mau anga anasiya ciani m'mitima ya anthu? Pa Sondo ziwiri zotsatira, mpando wake m'kwaya unali wopanda munthu.

Kodi rootkit nciani?

Cimene cinali m'laputopu yathu akatswiri acicha rootkit. Dzinali licokera ku makompyuta a mtundu wa Unix. M'menemo munthu amene ali ndi mphamvu zonse, wosunga makiyi a zipinda zonse, achedwa root, ndipo m'Cingerezi liu limeneli ndi muzu. Kit ndi bokosi la zida. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, akuba olowa m'makompyuta a Unix anali kucotsa timapulogalamu toonetsa mndandanda wa mafaelo ndi wa nchito zimene zicitika, naikapo tao tonama, tofanana ndi teniteni koma tosachula za iwo.

Kuti mumvetse, dziwani ici coyamba. Palibe pulogalamu imene ipenya yokha zimene ziri m'kompyuta. Iriyonse, ngakhale antivirus, ifunsa kwa mwini nyumba, ndiye Windows, Linux kapena Android. Pakati peni peni pa mwini nyumbayo pali cigawo cochedwa kernel, cimene cilamulira disiki, memori ndi intaneti. Antivirus ikafuna kufufuza imati, "Ndipatseni maina a mafaelo onse," ndipo ipatsidwa.

Tsono ganizani za msasa wathu. Madzulo mtsogoleri afunsa mlembi kuti awerenge maina a onse amene ali m'hema. Mbala wamba ikalowa ibisala pansi pa bulangete, ndipo wofufuza ndi tochi aipeza. Koma bwanji ngati mbala yalanda kaundula nikhala pa mpando wa mlembi? Iwerenga maina onse bwino bwino, ingodumpha lake ndi a anzake. Mtsogoleri akafunsanso kaciwiri, yankho ndi lomwelo. Akafunsa kakhumi, ndi lomwelo. Iyi ndiyo nchito ya rootkit: iima pakati pa wofunsa ndi woyankha, nicotsa pa mndandanda faelo yake, nchito yake, ndi njira imene ilankhulira ndi mbuye wake kunja. Antivirus yanga siinali yaulesi. Inafunsa funso labwino kwa mboni yogulidwa.

Kawiri kawiri rootkit yokha siiba kanthu. Nchito yake ndi kufunditsa anzake amene akuba. Wina atola mapasiwedi ndi tizizindikiro timene Facebook isiya m'kompyuta kuti usamalembe pasiwedi tsiku liri lonse. Wina agwiritsa makina ako kukumba ndalama za pa intaneti, malaiti ndi bundle zikhale zako, phindu likhale lake. Wina angodikira lamulo.

Ndipo sizikhala pa kuya kumodzi. Zina zikhala pamwamba, pakati pa mapulogalamu wamba, ndipo sizivuta kwambiri kuzipeza. Zina zilowa mu kernel monga driver, kapulogalamu koyendetsa zida monga printa. Zina ziyamba kudzuka Windows isanadzuke. Zoopsa koposa zikhala m'kacipangizo ka pa bolodi la kompyuta, m'pulogalamu yochedwa UEFI imene iyatsa makina onse. Inu amene munalimapo pa yadi yokhala ndi kapinga mudziwa. Ungasenge bwanji pamwamba, mvula ikagwa waphukanso, cifukwa muzu uli pansi. M'caka ca 2018 kampani ya ESET inalengeza za LoJax, rootkit yoyamba ya mu UEFI kugwidwa iri pa nchito. Imeneyo ngakhale usinthe disiki yonse, ibweranso.

Nciani cicititsa kuti ikhale yovuta kucotsa? Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukaponya mwala uswa mkhate wako womwe. Rootkit ya mu kernel yakhala pa cinthu cimene kompyuta siingayende popanda ico.

Sitiri tokha

Mwina muganiza kuti izi zigwera ife osauka ogula mapulogalamu a m'fulashi. Iai. M'caka ca 2005 kampani yaikulu ya nyimbo, Sony BMG, inagulitsa ma CD okhala ndi pulogalamu yoletsa kukopera nyimbo. Munthu akaika CD m'kompyuta ya Windows, pulogalamuyo inali kulowa nibisa faelo iriyonse imene dzina lake liyamba ndi $sys$. Katswiri wina, Mark Russinovich, anaitulukira pa kompyuta yake yomwe mu Okutobala caka cimeneco. Posakhalitsa akuba ena anayamba kupatsa mavairasi ao maina oyamba ndi zilembo zomwezo, kuti abisale m'mthunzi wa Sony. Kampaniyo inaitanitsanso ma CD aja ndipo inazengedwa milandu.

Ku Greece, m'zaka za 2004 ndi 2005, anthu osadziwika anaika pulogalamu yobisika m'makina a kampani ya mafoni ya Vodafone, namvetsera mafoni oposa 100, pamodzi ndi ya nduna yaikulu ya dzikolo, Kostas Karamanlis. Cinawaulula ndi cinthu cacing'ono: mauthenga ena a pa foni anayamba kulephera kufika, ndipo amisiri pofufuza cifukwa cake anapeza mlendo. Mu 2010 kunamveka za Stuxnet, imene inaononga makina a nyukiliya ku Natanz m'dziko la Iran, uku ikuonetsa oyang'anira kuti zonse ziri bwino.

Kuno kwathu, mu Meyi 2022, Bank of Zambia inaukiridwa ndi gulu lochedwa Hive, ndipo zina mwa nchito zake za pa kompyuta zinaima kwa kanthawi. Koma ao anali a mtundu wina, otseka mafaelo ako ndi kufuula kuti ulipire dipo. Mbala yofuula uidziwa tsiku lomwelo. Rootkit ifuna kuti usadziwe konse, caka cino ndi ca mawa.

Ndipo musati ine ndiribe laputopu, ndiri cabe ndi foni. Foni ya Android ndi kompyuta, ndipo pansi pake pali Linux. Mu 2016 akatswiri a Kaspersky anafotokoza za Triada, imene ilowa m'cigawo ca Android cobala mapulogalamu ena onse, kotero kuti iri yense wobadwa abadwa nayo. Mu 2019 Google inavomera kuti mafoni ena anali kutuluka nayo ku fakitale, itaikidwa ndi wina mwa opereka mapulogalamu kwa opanga mafoni. Mu 2020 kunamveka kuti Triada inapezeka m'mafoni pafupifupi 53,000 a Tecno W2 ogulitsidwa ku Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa. Inali kuitana mnzake wochedwa xHelper, amene anali kulembetsa anthu ku zinthu zolipira iwo osadziwa, talktime ndi bundle nkumangotha. Munthu akafafaniza zonse m'foni kuti iyambe ngati yatsopano, xHelper anali kubweranso. Kapinga uja.

M'mene ndinamugwirira

Cinandidzutsa ndi mdima wa caka cija. Malaiti akapita, batire la laputopu limene kale linali kukhala maola atatu linayamba kutha ola limodzi lisanakwane. Kafani ka m'kati kanali kulira ngati cigayo pamene palibe cimene ndinatsegula. Bundle ya mwezi inatha m'masiku khumi. Usiku wina ndinatenga foni yanga, ndinalowa pa tsamba la MiFi imene itipatsa intaneti, ndipo ndinaona kuti laputopu iri kutumiza ndi kulandira zinthu kosalekeza. Ndinayang'ana Task Manager: zii, ngati manda. Mboni ziwiri, nkhani ziwiri. Imodzi inali kunama, ndipo MiFi inalibe cifukwa conamira, pakuti mbala siinakhale m'menemo.

Apa ndi pamene pagona nzeru yonse yogwirira rootkit. Usafunse mlembi yekha. Njira zake zazikulu ndi izi.

Yoyamba ndi kufunsa funso limodzi m'njira ziwiri ndi kuyerekeza mayankho. Pulogalamu ya Russinovich, RootkitRevealer, inali kucita comweco: kupempha mndandanda kwa Windows, kenaka kuwerenga disiki yokha mwacindunji. Faelo imene ipezeka pa disiki koma pa mndandanda palibe, wina waibisa. Kubisala komweko ndiko kumuulula.

Yaciwiri ndi kuyang'ana uli kunja. Rootkit inama pokhapo iri maso. Ukazima kompyuta ndi kuiyatsa ndi dongosolo lina loyera locokera mu fulashi, iyo ikhala iri m'tulo, faelo wamba yogona pa disiki monga anzake. Windows iri naco cida cotere, Microsoft Defender Offline, cimene ciyatsanso kompyuta ndi kufufuza Windows isanadzuke.

Yacitatu ndi ya zidindo. Faelo iriyonse ingawerengeredwe nambala yaitali, yochedwa hash, imene isintha ngakhale mutasintha kadontho kamodzi m'faeloyo. Mukasunga manambala a mafaelo pamene kompyuta iri yoyera, tsiku lina mudzadziwa imene yakhudzidwa. Gene Kim ndi Eugene Spafford anapanga pulogalamu ya Tripwire pa maganizo amenewa ku Purdue University mu 1992. Secure Boot ya m'makompyuta a lero icita zofanana nazo: ikana kuyatsa pulogalamu yopanda cidindo codziwika. Koma nayonso si linga losagumuka, pakuti mu 2023 kunapezeka BlackLotus imene inali kuidumpha.

Yacinai ndi ya mapazi. Fisi angabisale, koma mapazi ake atsala pa mcenga. Kutentha, batire, bundle, kompyuta kuzima yokha. Mu Febuluwale 2010 Microsoft inatulutsa zokonza zina za Windows, ndipo makompyuta ambiri anakana kuyaka. Pofufuza anapeza kuti amene anakanawo anali ndi rootkit yochedwa Alureon, imene inasokonezeka pamene kernel inasinthidwa. Eni ake sanadziwe konse kuti ali ndi mlendo.

Ine ndinatsata njira yaciwiri. Ndinapita ku Woodlands kwa mnzanga amene tinali naye ku koleji, tinaika Linux mu fulashi yatsopano pa kompyuta yake, ndipo tinayatsa nayo laputopu yathu. Tinalemba mndandanda wa mafaelo ndi kuuyerekeza ndi uja wa Windows. Panapezeka foda imene ndinali ndisanaionepo, ndi driver ya dzina lopanda tanthauzo. Mnzanga analoza tsiku limene zinalowa. Linali tsiku lija ndinacokera m'tauni ndi fulashi m'thumba, ola lomwe ndinadina kuti inde. Anandiyang'ana, osanena kanthu.

Sitinayese kupha khoswe ali pa mkhate. Tinapulumutsa makalata, zithunzi ndi nyimbo zokha, osatengako pulogalamu ngakhale imodzi. Tinafafaniza disiki yonse ndi kuikamo Windows yatsopano yocokera kwa eni ake. Mwai wathu unali wakuti muzu sunafike pa bolodi. Kenaka aliyense amene analowapo pa laputopu ija anasintha mapasiwedi ake pa foni yake, natulutsa zida zonse zacilendo zimene zinalowa m'dzina lake.

Ulendo wa ku Kabwata

Kukonza makina kunatenga tsiku limodzi. Cotsalaco ndico cinali colemera. Kucokera ku Libala kufika ku Kabwata si patali, koma tsiku limenelo miyendo inali ngati yamangidwa miyala. Ndinapeza mlongo uja ali kucapa, amai ake ali pa mpasa. Ndinakhala pansi ndi kunena zonse, kuyambira pa fulashi kufikira pa mau anga a pansi pa mango.

Amai aja anamvetsera mpaka ndinatha. Kenaka anati, "Mwana wanga, mwacita bwino kubwera. Koma mau aja simunawalankhulire pano. Munawalankhulira pa gulu."

Pa Sondo yotsatira ndinaimirira pamaso pa acinyamata onse ndi makolo atatu aja, ndipo ndinanena kuti amene anatsegulira mbala citseko ndine. Nkhani tinakaipereka ku polisi, ndipo nambala ija tinainena ku kampani ya mafoni, koma ndalama sizinabwere. Tinabwerera ku ndowa ndi sopo, kutsuka mamotoka, kufikira tinabweza zonse, kuyambira ndi za mai wa tomato. Mlongo wathu anabwerera m'kwaya. Koma buku la ndalama anakana kulitenganso, ndipo ine sindingamuimbe mlandu.

Tsono inu mucitenji?

Pulogalamu iriyonse imene ikuuzani kuti muyambe mwazima antivirus, ikaneni. Mlendo wabwino sapempha kuti mumange galu ndi kuzima nyale asanalowe. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati ndalama zacepa, alipo mapulogalamu aulere enieni amene eni ake apereka poyera. LibreOffice ilemba makalata, Shotcut ndi Kdenlive zilumikiza vidiyo. Ndikadafunsa, ndikadazipeza tsiku lomwelo osalipira ngakhale ngwee.

Kompyuta ikakufunsani ngati mulola kuti pulogalamu isinthe zinthu, imani kaye. Funso limenelo ndi la makiyi a nyumba yonse. Pa foni, tengani mapulogalamu ku Play Store, osati aja otumizirana pa WhatsApp, ndipo musalole munthu kuti aitsegule mpaka ku root pokulonjezani intaneti yaulere. Foni kapena kompyuta ikapempha kuti ilandire zokonza zatsopano, iloleni, ngakhale bundle iwawe. Pa Facebook, WhatsApp ndi imelo, yatsani citseko caciwiri cija cofuna nambala yapadera polowa. Laputopu ya gulu ikhale ndi dzina lolowera la anthu onse lopanda mphamvu zoika mapulogalamu.

Uzaninso makolo anu kuti uthenga wopempha ndalama, ngakhale ubwere ndi dzina ndi cithunzi ca munthu amene amudziwa, ayambe amuimbira foni ndi kumva mau ake. Mukaberedwa musakhale cete cifukwa ca manyazi. Nenani ku polisi, ku kampani yanu ya mafoni ndi ku ZICTA. Kulowa m'kompyuta ya wina popanda cilolezo ndi mlandu m'dziko lathu. Lamulo la 2021 linanena tero, ndipo malamulo awiri a 2025 amene analowa m'malo mwake sanaucotse.

Cotsiriza ndi ca inu amene anzanu akukhulupirirani cifukwa munapitako ku sukulu. Makina akati sanapeze kanthu, nenani comweco, kuti sanapeze kanthu. Musanene kuti mulibe kanthu. Ine ndinasokoneza ziwirizi, ndipo amene analipira ndi mtsikana wosalakwa. Mnzanu akalira nati si ine, funsani mboni yaciwiri musanatseke nkhani.

Laputopu ija ikali ndi ine, koma tsopano pasiwedi yaikulu tiisunga anthu awiri, ndipo palibe cimene cilowamo popanda wina kuona. Amene muli ndi makompyuta a magulu anu ndipo mwaona batire likutha msanga kapena bundle ikusungunuka, musadikire msasa. Fufuzani sabata lino. Khalani bwino nonse.